Mafunso ndi mayankho: kuyesa mankhwala otseka ma adrenergic receptor pa maselo opanga mtundu wa khungu

Mankhwala monga propranolol ndi carvedilol amatseka ma adrenergic receptor, amene ndi mapuloteni a pa chikuto cha selo olandira uthenga wa homoni ya adrenaline ndi noradrenaline. Amadziwika ngati mankhwala a mtima ndi a kuthamanga kwa magazi, koma m'zaka zapitazi ofufuza za khungu akhalanso akuwathira pa maselo oweta mu labotale kuti aone ngati angasinthe kuchuluka kwa melanin, chinthu chimene chimapatsa khungu, tsitsi ndi maso mtundu wake. Mafunso otsatirawa akukhudza maziko a kafukufukuyu, mmene amachitikira, ndiponso malo amene wofufuza angapusitsidwe ndi zimene waona m'mbale yake.

Kodi pali ubale wanji pakati pa mankhwala a mtima ndi mtundu wa khungu?

Ubalewu umadutsa pa kanthu kakang'ono konyamula uthenga mkati mwa selo kotchedwa cAMP. Melanin amapangidwa m'maselo otchedwa ma melanocyte, amene amakhala pansi penipeni pa khungu lapamwamba, ndipo selo lililonse lotere limagawira melanin wake ku maselo ena pafupifupi 36 olizungulira, otchedwa ma keratinocyte. Dzuwa likawomba khungu, ma keratinocyte amatulutsa homoni ya α-MSH, imene imakamatirira pa receptor ya MC1R ya pa melanocyte. Zikatero cAMP imachuluka m'selomo, imadzutsa mapuloteni a PKA ndi CREB, ndipo amenewa amachititsa kuti selo lipange MITF wambiri, puloteni amene amalamulira majini a tyrosinase ndi ma enzayimu ena opanga melanin.

Ma receptor a beta, gulu limodzi la ma adrenergic receptor amene amalandira adrenaline ndi noradrenaline, nawonso amakweza cAMP yomweyi. Gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Karin Schallreuter linaonetsa kuti maselo a khungu la munthu amatha kudzipangira okha mahomoni amtundu wa adrenaline, ndipo mu 2004 gululi, lili ku University of Bradford, linafalitsa umboni wakuti ma melanocyte a munthu ali ndi receptor ya β2 ndiponso kuti kuidzutsa kumawonjezera melanin. Funso linabadwa pamenepo: ngati kudzutsa receptor imeneyi kumadetsa selo, kodi kuitseka kungachepetse melanin? Palinso mfundo ina yochititsa chidwi, yakuti melanin ndi adrenaline zonse zimachokera ku tyrosine, chimodzi mwa zinthu zomangira mapuloteni, ndipo zonse zimadutsa pa chinthu chopangidwa kuchokera ku tyrosine chotchedwa L-DOPA, kotero kuti njira ziwirizi zimayambira pa gwero limodzi.

Kodi ma adrenergic receptor onse amagwira ntchito mofanana?

Ayi, ndipo wofufuza amene angawaike m'gulu limodzi sangathe kumasulira zotsatira zake. Mu 1948 Raymond Ahlquist anawagawa m'magulu awiri, alpha ndi beta, ndipo lero pakudziwika mitundu isanu ndi inayi: itatu ya α1, itatu ya α2 ndi itatu ya beta. Ma receptor a beta amakweza cAMP, a α2 amaitsitsa, pomwe a α1 amadzera njira ina yokweza calcium mkati mwa selo. Izi zikutanthauza kuti mankhwala otseka beta angayembekezeredwe kuchepetsa melanin, pomwe otseka α2, monga yohimbine, akhoza kuchita zosiyana nazo chifukwa amachotsa chimene chinali kupondereza cAMP.

Mankhwalawo nawonso amasiyana pa kusankha kwawo. Propranolol, amene James Black ndi anzake anapanga m'zaka za m'ma 1960, amatseka β1 ndi β2 mosasankha; atenolol ndi metoprolol amakonda β1; prazosin amatseka α1; pomwe carvedilol ndi labetalol amatseka beta pamodzi ndi α1. Palinso ICI 118,551 wa β2 ndi CGP 20712A wa β1, amene sapatsidwa kwa odwala koma ndi ofunika kwambiri mu labotale chifukwa chosankha kwambiri receptor imodzi.

N'chifukwa chiyani ayenera kuyesedwa pa maselo amoyo, osati pa enzayimu ya tyrosinase yokha?

Kwa zaka zambiri, njira yachidule yofufuzira mankhwala ochepetsa melanin inali kutenga tyrosinase ya bowa wa Agaricus bisporus, kuisakaniza ndi L-DOPA, n'kuona ngati mankhwala oyesedwawo aletsa madziwo kusintha mtundu. Njirayi ndi yotsika mtengo komanso yachangu, koma siingathandize pa funso lathuli, pakuti mankhwala otseka receptor sagwira ntchito pa enzayimuyo mwachindunji. Amagwira pa chikuto cha selo, ndipo zotsatira zake zimadutsa pa cAMP, CREB ndi MITF zisanafike pa kuchuluka kwa tyrosinase imene selo lipange. Popanda selo lathunthu, unyolo wonsewu palibe.

Ngakhale kwa mankhwala olunjika pa enzayimuyo, tyrosinase ya bowa yapezeka kuti imasokeretsa. Mu 2018 ofufuza a kampani ya Beiersdorf anafalitsa zimene anapeza atayesa mankhwala okwana 50,000 pa tyrosinase ya munthu, ndipo zinaoneka kuti kojic acid ndi ena otchuka pa enzayimu ya bowa ndi ofooka kwambiri pa ya munthu.

Ndi maselo ati amene amagwiritsidwa ntchito?

Ofala kwambiri ndi a B16, ochokera ku khansa ya melanoma imene inapezeka pa mbewa ku Jackson Laboratory mu 1954, makamaka nthambi yake ya B16F10 imene Isaiah Fidler anaisankha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Amakula msanga ndipo amada mooneka bwino akapatsidwa α-MSH, n'chifukwa chake amakondedwa pa kuyesa koyamba. Vuto lake n'lakuti ndi maselo a khansa, komanso ndi a mbewa, ndipo Fidler anawasankha chifukwa chofalikira mosavuta m'mapapo, osati chifukwa chofanana ndi khungu la munthu. Maselo a melan-a, amene Dorothy Bennett ndi anzake anawafotokoza mu 1987, ndi a mbewa koma si a khansa. A MNT-1 ndi a munthu ndipo ali ndi melanin wochuluka, koma nawonso ndi a melanoma.

Odalirika kuposa onsewa ndi ma melanocyte abwinobwino otengedwa pa khungu la munthu, ngakhale kuti amakula pang'onopang'ono, amakalamba akagawidwa kangapo, ndipo amasiyana malinga ndi munthu amene anapereka khungulo. Maselo alionse amene asankhidwa, choyamba n'kutsimikiza kuti ali ndi receptor imene ikufufuzidwayo ndiponso kuti ikugwiradi ntchito, mwachitsanzo poona ngati isoproterenol, amene amadzutsa ma receptor a beta, akukweza cAMP m'mphindi zochepa. Sitepe imeneyi ikadumphidwa, zonse zotsatira zimakhala zopanda poimira.

Kodi kuyesako kumayenda bwanji?

Maselo amafesedwa m'mbale zapulasitiki za timaenje 96 kapena 384, kapena m'mbale za timaenje tokulirapo ngati pakufunika melanin wokwanira kuyezeka. Akamatirira pansi, kaenje kalikonse kamalandira mankhwala ake pa milingo yosiyanasiyana, nthawi zambiri atasungunulidwa mu DMSO (madzi osungunulira mankhwala) wochepa kwambiri, wosapitirira pafupifupi 0.1 peresenti. Timaenje tina timalandira DMSO yekha kuti tikhale poyerekezera, ndipo tina timalandira mankhwala odziwika kale kuti amachepetsa melanin, monga arbutin kapena phenylthiourea. Maselo a B16 amafuna masiku awiri kapena atatu, pomwe a munthu amafuna pafupifupi sabata.

Nthawi ikakwana, maselo amasungunulidwa mu sodium hydroxide wotenthetsedwa, ndipo makina amayeza kuchuluka kwa kuwala kumene madziwo akumeza, kawirikawiri pa 405 kapena 475 nm. Nambala imene yatuluka imagawidwa ndi kuchuluka kwa maselo kapena kwa mapuloteni, chifukwa kaenje kokhala ndi maselo ochepa kamakhala ndi melanin wochepa ngakhale selo lililonse lisanasinthe. Pa kuyesa mankhwala ambiri nthawi imodzi amawerengeranso nambala yotchedwa Z-prime, imene inayambitsidwa mu 1999, yosonyeza ngati timaenje toyerekezera tikusiyana mokwanira kuti kusintha kwenikweni kuonekere. Ikaposa 0.5, njirayo imatengedwa kuti ndi yodalirika.

Pali chosankha chimodzi chimene chimasintha tanthauzo la kafukufuku yense, ndicho chimene chagwiritsidwa ntchito podzutsa maselo. Akadzutsidwa ndi isoproterenol kapena adrenaline, mankhwala otseka beta ali ndi chenicheni chotseka. Akadzutsidwa ndi α-MSH, uthenga ukulowera pa MC1R, receptor ina yosiyana, ndipo akadzutsidwa ndi forskolin uthengawo ukulambalala ma receptor onse n'kukadzutsa enzayimu yopanga cAMP mwachindunji.

Melanin akachepa, kodi umenewo ndi umboni wakuti kutseka receptor ndiko kwachititsa?

Si umboni ayi, ndipo apa ndi pamene kafukufuku wamtunduwu amalimba kapena kugwa. Selo likhoza kuchepetsa melanin pa zifukwa zambiri zosakhudzana ndi receptor, ndipo choyamba mwa izo n'chakuti likudwala. Selo lofooka limasiya kupanga melanin lisanafe, n'chifukwa chake kuyeza moyo wa maselo kuyenera kuyendera limodzi ndi kuyeza melanin. Ambiri amagwiritsa ntchito njira ya MTT, imene Tim Mosmann anaifotokoza mu 1983, koma njirayi imayeza mphamvu ya selo yosintha utoto kukhala wofiirira, osati kuchuluka kwa maselo, ndipo mdima wa melanin ukhoza kusokoneza makina owerenga. Ndi bwino kuitsimikiza ndi njira yachiwiri, monga kuyeza ATP, chinthu chonyamula mphamvu m'selo lamoyo, kapena kuwerenga maselo enieniwo.

Chachiwiri ndi mlingo. Propranolol amamatirira pa receptor ya beta pa mlingo wa ma nanomolar ochepa chabe, koma pa kuyesa koyamba mankhwala amathiridwa kawirikawiri pa 10 micromolar kapena kupitirira, umene ndi mlingo wochuluka kuwirikiza masauzande. Pamenepo mankhwala amayamba kukhudza zinthu zina zambiri. Ngati melanin sakusintha pa mlingo umene watseka kale ma receptor onse, koma akutsika pokhapokha mlingowo utakwezedwa kwambiri, ndiye kuti chifukwa chake chiyenera kufunidwa kwina.

Chachitatu ndi chikhalidwe cha mankhwalawa. Ambiri mwa ma beta-blocker, kutanthauza mankhwala otseka beta, amalowa mosavuta m'mafuta ndipo amaunjikana m'tizipinda ta selo tokhala ndi asidi. Melanosome, kachipinda kamene melanin amapangidwiramo, ndi kamodzi mwa tizipinda totere, ndipo tyrosinase imagwira ntchito bwino asidi akakhala wochepa. Mankhwala akaunjikana m'menemo n'kusintha asidiyo, melanin akhoza kukwera kapena kutsika popanda receptor kutengapo mbali. Kuwonjezera apo, melanin mwiniwake amagwira mankhwala ena, monga mmene zimadziwikira ndi timolol wa m'maso, kotero kuti maselo akuda kwambiri akhoza kusunga mankhwala ambiri kusiyana ndi oyera. Carvedilol alinso ndi mphamvu yoletsa oxidation (kusintha kwa zinthu chifukwa cha okosijeni), pomwe kupangika kwa melanin kumadalira oxidation yomweyo.

Mwayi wake n'ngwakuti njira zosiyanitsira zilipo. Yosavuta koma yamphamvu ndi ya maonekedwe awiri a propranolol, amene ali ngati dzanja lamanja ndi lamanzere: wa S amatseka receptor ya beta mwamphamvu kuposa wa R pafupifupi ka 100, koma onse awiri amalowa m'mafuta ndi kuunjikana m'selo mofanana. Onse akachepetsa melanin mofanana, receptor ya beta ilibe mlandu. Njira ina n'kuyesa mankhwala angapo opangidwa mosiyana koma otseka receptor imodzi, n'kuona ngati mphamvu yawo pa melanin ikutsatira mphamvu yawo pa receptor. Ngati ICI 118,551 akugwira ntchito pa mlingo wochepa pomwe CGP 20712A sakuchita kanthu, β2 ndiyo ikukayikiridwa. Yomaliza, imene ndimaiona kuti ndiyo yothetsa mkangano, n'kuzimitsa jini ya ADRB2, yopanga receptor ya β2, pogwiritsa ntchito njira za siRNA kapena CRISPR. Mankhwala akapitirizabe kuchepetsa melanin m'selo lopanda receptor, akugwira ntchito kudzera njira ina, ndipo zimenezo zikhoza kukhalabe zothandiza, kungoti ziyenera kutchulidwa ndi dzina loyenera.

Nanga ngati m'mbalemo mulibe adrenaline, mankhwalawo akutseka chiyani?

Limeneli ndi funso loyenera kufunsidwa pa lipoti lililonse. Mayankho otheka alipo awiri: mwina maselowo akudzipangira okha noradrenaline n'kumadzidzutsa, monga mmene ntchito ya ku Bradford inasonyezera, kapena receptor ikutumiza uthenga pang'ono ngakhale popanda choidzutsa, ndipo mankhwala ena, monga ICI 118,551, amatha kuzimitsa ngakhale uthenga wochepawo. Madzi olereramo maselo nawonso ayenera kuunikidwa. Kuyambira 1982, pamene Magdalena Eisinger ndi Olga Marko anapeza njira yolerera ma melanocyte a munthu pogwiritsa ntchito TPA ndi cholera toxin, madzi ambiri olerera maselowa akhala ndi zinthu zokweza cAMP, ndipo ena olerera ma keratinocyte amakhala ndi adrenaline wothiridwamo dala. Ngati cAMP yakwezedwa kale kwambiri ndi madziwo, kusintha kochepa kochokera ku receptor ya beta kumabisika.

Kuthira adrenaline kuchokera kunja kulinso ndi vuto lake. Homoniyi imawonongeka msanga m'madzi ofunda okhala ndi mpweya, n'kusanduka adrenochrome ndi zinthu zina zakuda zimene makina angaziwerenge ngati melanin. Vitamini C amaiteteza, koma nayenso amachepetsa kupangika kwa melanin, choncho ayenera kuthiridwanso m'timaenje toyerekezera.

Kodi pali mankhwala amene aonetsa kale zotsatira?

Chitsanzo chodziwika ndi carvedilol. Mu 2020 ofufuza a ku Seoul, ku South Korea, anafalitsa mu International Journal of Molecular Sciences kuti carvedilol anachepetsa melanin ndi ntchito ya tyrosinase m'ma melanocyte a munthu komanso m'maselo a mbewa a Mel-Ab, popanda kupha maselowo. Anapeza kuti MITF, tyrosinase ndi ma enzayimu ena opanga melanin a TRP-1 ndi TRP-2 zinatsika limodzi ndi CREB wodzutsidwa, kuti forskolin anabwezeretsa melanin, ndiponso kuti zidutswa za khungu la munthu zowombedwa ndi kuwala kwa UV sizinade kwambiri zitapatsidwa mankhwalawo. Ntchitoyi ili ndi ubwino wakuti sinathere pa maselo a mbewa. Komabe kubwezeretsa melanin ndi forskolin kumangosonyeza kuti njira ya cAMP ikukhudzidwa. Sikunena kuti ndi receptor iti, ndipo carvedilol ndi mankhwala a ntchito zambiri.

Kodi nsomba ndi achule zimabwera bwanji m'nkhaniyi?

Nyama zimenezi zili ndi maselo otchedwa ma melanophore, amene amasintha mtundu m'mphindi zochepa posuntha timibulu ta melanin. Mwa nsomba zambiri, noradrenaline ikafika pa receptor ya α2, cAMP imatsika, timibuluto timasonkhana pakati pa selo, ndipo nsombayo imaoneka yoyererako. Yohimbine amaletsa zimenezi. Khungu la chule ndi limene Aaron Lerner anagwiritsa ntchito potulukira melatonin ku Yale mu 1958, ndipo m'zaka za m'ma 1990 ma melanophore a chule wa Xenopus anasandutsidwa chida choyesera mankhwala pa ma receptor a munthu oikidwa m'maselowo, chifukwa kuda kapena kuyera kwa kaenje kunkasonyeza ngati cAMP yakwera kapena yatsika.

Chenjezo lake n'lakuti kusuntha melanin n'kosiyana ndi kupanga melanin. Maselo a khungu la munthu sasonkhanitsa timibulu tawo mwanjira imeneyo, choncho mwana wa nsomba ya zebrafish akayera atangopatsidwa mankhwala okhudza ma adrenergic receptor, wofufuza ayenera kuyeza melanin yense wa m'thupi lake asananene kuti kapangidwe kachepa.

Mankhwala akapambana pa maselo, chimatsatira n'chiyani?

Amayesedwa pa zinthu zoyandikira kwambiri khungu lenileni: ma melanocyte olereredwa pamodzi ndi ma keratinocyte, khungu lopangidwa mu labotale monga MelanoDerm, ndiponso zidutswa za khungu zotsala pa opaleshoni, zimene zimadulidwa n'kupakidwa utoto wa Fontana-Masson woonetsa melanin. Ma keratinocyte ndi ofunika mwapadera chifukwa ali ndi ma receptor a β2 ambiri ndipo ndiwo amauza melanocyte zochita. Njira zoterezi zinakula kwambiri European Union italetseratu mu 2013 kugulitsa zodzoladzola zoyesedwa pa nyama.

Kenako pamabwera funso la kulowa m'khungu, limene limayesedwa ndi chida cha Franz. Zinthu zolemera kupitirira ma dalton 500 (muyezo wa kulemera kwa molekyulu) sizidutsa bwino khungu lapamwamba. Propranolol amalemera 259 ndipo carvedilol 406, choncho onse akhoza kulowa. Kulowako n'kumene kumabweretsanso nkhawa, chifukwa mankhwala amene afika pa melanocyte akhoza kupitirira mpaka m'magazi. Poyeza mtundu wa khungu la munthu wamoyo pamafunikanso kusiyanitsa melanin ndi kufiira kwa magazi, popeza ma adrenergic receptor amalamuliranso kukula kwa mitsempha ya magazi. Brimonidine, amene anavomerezedwa ku United States mu 2013 pochiza kufiira kwa nkhope kwa matenda a rosacea, amadzutsa α2 n'kuchepetsa mitsemphayo, ndipo khungu limaoneka loyererako melanin asanasinthe ngakhale pang'ono.

Kodi munthu amene amamwa mankhwalawa ayembekezere kuti khungu lake lisintha mtundu? Nanga kuwadzola?

Anthu mamiliyoni amwa ma beta-blocker kwa zaka zoposa 50, ndipo kuyera kwa khungu si chimodzi mwa zotsatira zake zodziwika. Mlingo wa mankhwalawa m'magazi a wodwala nthawi zambiri sufika ngakhale pa micromolar imodzi, pomwe m'mbale ya labotale maselo amamizidwa m'mlingo wokulirapo kwa masiku angapo. Palibe beta-blocker wovomerezeka pochiza melasma (zigamba zakuda za pankhope) kapena zigamba zakuda zotsalira pambuyo pa ziphuphu ndi zilonda.

Kupera mapiritsi n'kuwadzola, kapena kupaka timolol wa m'maso pankhope, n'koopsa. Ngakhale madontho a m'maso a timolol amadziwika kuti amachedwetsa kugunda kwa mtima ndi kutseka chifuwa cha odwala mphumu, ndipo ma beta-blocker akhoza kuyambitsa kapena kukulitsa matenda a psoriasis. Amene akumwa mankhwalawa chifukwa cha mtima asawasiye mwadzidzidzi popanda dokotala, pakuti kutero kukhoza kuthamangitsa mtima moika moyo pachiswe. N'zoona kuti propranolol ali ndi ntchito yovomerezeka pa khungu, imene Christine Léauté-Labrèze ndi anzake ku Bordeaux anaifotokoza mu 2008 ataona kuti amafwetsa zotupa zofiira za makanda zotchedwa hemangioma, koma zotupa zimenezo ndi za mitsempha ya magazi, si za melanin, ndipo chithandizocho chimaperekedwa dokotala akuyang'anira mtima ndi shuga wa mwanayo.

Kodi kafukufukuyu ndi wongofuna kuchepetsa melanin basi?

Ayi. Mbale yomweyo imaonetsanso mankhwala owonjezera melanin, ndipo amenewo ndi ofunika kwa ofufuza za vitiligo, matenda amene ma melanocyte amatha m'zigamba zina za khungu. Gulu la Schallreuter linafotokoza kuti ma keratinocyte a odwala vitiligo ali ndi ma receptor a β2 ochuluka kuposa a anthu ena, ndipo ofufuza ena apeza kuti mahomoni amtundu wa noradrenaline amakhala okwera mwa odwala ena. Kuyesa pa maselo kungathandize kudziwa ngati kusinthaku kukuvulaza ma melanocyte kapena kukungotsatira matendawo. Pa funso limeneli chimene chimayezedwa si melanin yekha, komanso moyo wa ma melanocyte akakumana ndi hydrogen peroxide, ndi kutha kwawo kusamuka kuchokera m'mizu ya tsitsi kupita pa chigamba choyera, popeza n'kumene mtundu umayambira kubwerera wodwala akamalandira chithandizo cha kuwala kwa UVB.